Khobidi la a Tranter

Mwayi ndi Dalitso, mwakhala mukundifunsa m'Chingerezi chanu chija kuti kodi adadi ankatani kwenikweni m'chipinda chapansi chija zaka zonsezi. Tsopano poti ndinapuma ntchito ndipo maondo sakundilola kuyendayenda, ndati ndilembe. Ndikulemba m'Chichewa mwadala, ndipo pamene pakuvuteni mukafunse amayi anu. Za ubwana wanga ku Dedza ndazilumpha, tidzakamba pamaso. Pano ndikufuna mudziwe anthu awiri amene anandiphunzitsa ntchito, mudziwenso za Loweruka lina limene ndinakwera sitima ya ku Wolverhampton ndikulakalaka itafa panjira.

1991

Ndinafika ku Birmingham mu 1989 kudzawonjezera maphunziro a ntchito ya mu labu, nditagwira kale zaka zisanu ndi chimodzi mu labu ya sukulu ina ya sekondale kwathu. Amayi anu ananditsatira chaka chotsatira, tinapeza zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya nsalu ku Sparkhill. Nditamaliza kosi, anzanga amene tinkapemphera nawo limodzi anayamba kulowa ntchito m'zipatala, ena ku Walsgrave, ena mu mzinda momwemo. Ine ndinalemba makalata ambiri, koma amene anandiyankha anali a miyuziyamu ina yaing'ono ya khonsolo, m'tauni ya mafakitale kufupi ndi Wolverhampton. Ankafuna munthu wodziwa mankhwala woti azisamalira zitsulo zakale. Anzanga anandiseka kuti ndachoka ku Malawi kudzakhala mlonda wa dzimbiri.

Amene anandifunsa mafunso tsiku la intavyu anali Mayi Ashmore, mkulu woyang'anira zinthu zakale. Anali mayi wamtali, woonda, wa imvi zometa zazifupi, ndipo zaka zonse zimene ndinawadziwa ankavala juzi yabulauni yobooka pachigongono. Sanayang'ane n'komwe masatifiketi anga. Anatulutsa kanthu kobiriwira, kozungulira ngati batani la jasi, n'kukaika patebulo. Anati limeneli ndi khobidi la Aroma la mkuwa, mlimi wina walitola m'munda, ndiye ndingalitani? Ine mwachangu ndinati ndingaliviike mu kaasidi pang'ono, kenako polishi, mpaka liwale. Dzanja lawo linatera pa khobidi lija ngati thadzi laona mphamba. Anandiuza modekha kuti chikopa chobiriwiracho chatenga zaka zoposa chikwi ndi mazana asanu kuti chimere, ndipo nthawi zambiri nkhope ya Kaisara imakhala m'chikopa momwemo, osati pansi pake. Mukachichotsa mumatsala ndi kachitsulo kopanda nkhope ngati washala. Ndinachita manyazi, komabe ndinafunsa kuti nanga munthu amasiyanitsa bwanji dothi ndi chikopacho. Iwo anandikhazika pa maikulosikopu, anandipatsa kampeni ka madokotala ndi khobidi lina lamatope, anati ndichotse dothi lokha, ndipo anatuluka. Atabwera patatha ola, ndinali nditayeretsa malo aang'ono kuposa chikhadabo cha mwana, koma panali pakuoneka khutu la munthu. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndiyambe Lolemba.

Ntchitoyo inali ya m'chipinda chapansi chopanda windo, momwe munali makabati a timadirowa tating'ono, khobidi lililonse m'kabowo kake. Mdani wathu wamkulu anali chinyontho. Mkuwa ukakhala panyontho umagwidwa ndi matenda ena: pamatuluka ufa wobiriwira mowala, ndipo ukaulekerera umadya khobidi mpaka kubooka. Khonsolo inkadula ndalama chaka ndi chaka, moti makina oumitsa mpweya atawonongeka tinakhala miyezi yambiri popanda ena. Mayi Ashmore anandiphunzitsa kutsekera makobidi odwala m'zikontena za pulasitiki pamodzi ndi timibulu tokoka chinyontho. Timibuluto tikakhuta madzi ndinkatitengera kunyumba kukatiumitsa mu uvuni ya amayi anu, ndipo Dalitso sungakumbuke mmene ankadandaulira kuti masikono awo akudikira Aroma. Timitengo tokolopera dothi ndinkagula pa Stratford Road, tomwe amabayira nyama yootcha. Mayi Ashmore sanadandaulepo pamaso panga za kusowa kwa zipangizo, ankangopeza njira ina. Koma m'mwamba, ku ofesi ya mkulu wa miyuziyamu, ndinamva kuti ankamenya nkhondo yeniyeni, ndipo kawiri konse pamene khonsolo inkafuna kuthetsa ntchito yanga, iwo ndi amene anaimirira. Ine sanandiuzepo, ndinachita kumva kwa mayi wina wolandira alendo. Akamandiyamikira ankangoti, "Chabwino," basi. Kwathu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekhako ndinakakuphunzira kwa mayi wachizungu wa juzi yobooka.

1993

Kuyeretsa khobidi ndi kwina, kuliwerenga ndi kwinanso. Amene anandiphunzitsa kuwerenga anali a Tranter, bambo wachikulire wa ku Whitmore Reans amene ankabwera Lachinayi lililonse kudzatithandiza mwaulere. Anagwira ntchito zaka makumi anayi m'fakitale yosungunula zitsulo, ngati wokonza zikombole zamchenga zothiramo chitsulo chamoto. Fakitaleyo itatsekedwa anatsala ndi chifuwa cha fumbi, zala zonenepa zokhala ndi zipsera, ndi makobidi a Aroma pafupifupi mazana atatu amene anasonkhanitsa limodzilimodzi kuyambira ali mnyamata. Sukulu anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zinayi, koma Chilatini cha pa makobidi ankachiwerenga ngati dzina lawo. Chingerezi chawo cha kuderalo chinandivuta miyezi itatu yoyamba, ndipo changanso chinkawavuta, moti tinkangoloza ndi kamtengo.

A Tranter anandiuza kuti Aroma analibe wailesi kapena nyuzipepala, ndiye Kaisara akafuna kuuza anthu kanthu, ankakadinda pa khobidi. Kumaso kunkakhala mutu wake ndi maudindo ake, kumbuyo uthenga. Mayi wonyamula sikelo ndiye kuti chilungamo chilipo. Mayi wonyamula ngala za tirigu ndiye kuti njala kulibe. Zitseko za kachisi zotseka ndiye kuti nkhondo yatha. Ankati ndalama za golide ndi za siliva zinali za mabwana, iwo ankakonda za mkuwa chifukwa ndi zimene zinadutsa m'manja mwa anthu ngati ife, ogula buledi ndi mafuta a nyale. Anandiphunzitsanso mmene ankapangira: kachidutswa ka mkuwa kankaikidwa pakati pa zidindo ziwiri zosema, munthu n'kumenya ndi nyundo. N'chifukwa chake khobidi lenileni limakhala ndi mizere yakuthwa, ndipo nthawi zina limang'aluka m'mbali. Labodza kawirikawiri amachita kuthira m'chikombole, ndipo limakhala ndi timaenje ta thovu ndi msoko m'mphepete pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Apa ankadzitama ndithu kuti za chikombole palibe amene angawanamize.

Chaka chimenecho, chaka cha referendamu kwathu, anatibweretsera makobidi ang'onoang'ono angapo otoledwa pokumba msewu. Limodzi nditaliyeretsa ndinaona msilikali wonyamula mkondo akuyenda, atagwira kamunthu kakang'ono dzanja, kumbuyo kwawo kuli kanyumba kaudzu pansi pa mtengo. Kanyumbako kanali ngati ka kwathu, mpaka ndinasiya kampeni. A Tranter anati mawu ozungulira chithunzicho akutanthauza kuti nthawi zabwino zabwerera, ndipo akatswiri ena amati msilikaliyo akutulutsa munthu wakutchire m'nkhalango kuti akamupatse malo abwino mu ufumu wa Aroma. Ine ndinati sindikukhulupirira. Ndinawauza za malume anga, mphunzitsi, amene anthu ena anabwera kudzawatenga pakhomo ndili Fomu 2, akuti akungofuna kukacheza nawo ku boma, ndipo anabwerako patatha zaka zinayi alibe mano akutsogolo. Ndinati munthu wopita kwabwino satulutsidwa m'nyumba mwake ndi munthu wa mkondo, ndipo m'thumba mwanga masiku amenewo munali makobidi a mutu wa mtsogoleri, pa wailesi akuimba kuti zonse zili bwino. A Tranter sanatsutse. Anakhala pa maikulosikopu nthawi yaitali, kenako anati akhala akuliona khobidi la mtundu umenewu zaka makumi atatu, ndipo nthawi zonse ankayang'ana msilikali, sanayang'anepo kamunthuko. Anaitana Mayi Ashmore kuti adzamve, ndipo pa kapepala kofotokozera khobidilo mayiwo analemba maganizo onse awiri. Kuyambira tsiku limenelo a Tranter akabweretsa khobidi ankayamba andifunsa kuti, "Wyson, iwe ukuonapo chiyani?" asananene zawo.

Sabata yotsatira anabwera ndi kabokosi kofiira m'thumba la m'kati la jekete. Anati andionetsa mayi anga. Linali khobidi lalikulu, lolemera, lodzaza pachikhatho, la Kaisara Hadrian, amene anayendera madera onse a ufumu wake n'kudindira dera lililonse khobidi lake. Kumbuyo kwake kunali mayi atagona chammbali, atavala chikopa cha mutu wa njovu ngati duku, chitamba chili m'mwamba. M'dzanja anagwira chinkhanira, kumapazi kuli dengu la tirigu, ndipo pamwamba panalembedwa kuti AFRICA. Chikopa chake chinali chobiriwira mofanana ponseponse, chosalala ngati tsamba la mgwafa lonyowa. Ndinaseka n'kunena kuti Africa wa Aromawo anali wa kumpoto, ku Dedza sanafike, koma mumtima ndinakhudzidwa. Kwa zaka zinayi m'dziko lino Africa ndinkamuona pa TV yokha, ali ndi njala ndi ntchentche m'maso, ndiye apa anali atagona mwaulemu ngati mwini chakudya. A Tranter anati khobidilo anawagulira ndi akazi awo, malemu a Doreen, pamene ankakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ali m'banja. Mayiwo sankadziwa kanthu za makobidi, anangopita okha pa basi ku msika wa zinthu zakale, n'kuuza wogulitsa kuti akufuna labwino koposa onse. A Tranter sanalole kuti aliyense alikolope kapena kulitsuka. Ankangolitulutsa, kuliyang'ana, n'kulibwezera.

1996

Kumayambiriro kwa chaka chimenechi chifuwa cha a Tranter chinakula, ndipo maso anayamba kuchita nkhungu. Anatiuza kuti makobidi awo onse akuwapereka ku miyuziyamu akadali moyo, kuti awaone ali m'magalasi anthu akuwayang'ana. Mkulu wa miyuziyamu anasangalala kwambiri, chifukwa khonsolo inkafunsa kuti malowa akukoka anthu angati. Anakonza zoti mu Okutobala kukhale chionetsero, ndipo pa zikwangwani zoitanira anthu anasankha kuikapo khobidi la Africa lija. Ntchito yanga inali yoyendera makobidi onse, kuwayeza, kuona ngati ali ndi matenda, ndi kuwapukuta mafuta a m'manja asanalowe m'magalasi. Ndinagwira miyezi itatu mosangalala. Makobidi a bamboyu anali osankhidwa ndi diso la mmisiri, ndipo ngakhale otha kwambiri ankakhala ndi chifukwa chake: ili chifukwa cha ndevu za Kaisara, ili chifukwa wosema anaphonya chilembo, ili chifukwa wina kalekale analiboola n'kumalivala m'khosi.

La Africa ndinalisiya komaliza. Linali Lachiwiri masana, mu Julayi. Ndinaviika kathonje mu asetoni, mankhwala omwe amayi amachotsera utoto wa m'zikhadabo, n'kupukuta pang'ono m'mphepete mwa khobidi. Chikopa chenicheni cha mkuwa sichisungunuka ndi asetoni, ndinali nditapukuta makobidi mazanamazana thonje n'kumatuluka loyera kapena lakuda ndi litsiro. Tsiku limenelo thonje linatuluka lobiriwira. Ndinatenga lina, linabiriwiranso. Ndinaika khobidi pa maikulosikopu, ndipo pamene utoto unachoka ndinaona mkuwa wachikasu wokhala ndi timaenje ta thovu, ndi mizere ya tupa pamene wina anapala msoko kuti usaoneke. Linali lothira m'chikombole, lopakidwa penti ndi vanishi. Ndikuuzani zoona ana anga, chimene chinabwera m'mutu mwanga poyamba si chilungamo ayi. M'kabati tinali ndi utoto wokonzera miphika yosweka, ndipo ndinadziwa kuti malo ang'onoang'ono ngati amenewo ndikhoza kuwatseka pa mphindi zochepa, wina aliyense osadziwa.

Sindinatero, koma sindinganame kuti ndinakana nthawi yomweyo. Ndinalitsekera m'dirowa n'kupita kunyumba. Amayi anu nditawafotokozera anati, "Bambo a Mwayi, mkulu uja akudwala, ndipo chinthucho anamupatsa ndi mkazi wake. Musiyeni apite ndi chimwemwe chake." Anandikumbutsanso kuti chionetserocho ndi chimene chikusunga ntchito yanga, ndipo pepala langa lokhalira m'dziko muno linkadalira ntchitoyo. Sanalakwe, ankaganizira inu. M'mawa mwake ndinauza Mayi Ashmore. Anayang'ana pa maikulosikopu, analiyeza pa sikelo, anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati khobidi limeneli iwonso analigwirapo kangapo ndipo sanakayikepo. Pa za chionetsero sanazengereze: silingaikidwe m'galasi ngati lenileni, ngakhale mkulu wa miyuziyamu akalipe chotani, ndipo za zikwangwani akalankhula naye okha. Koma pa za a Tranter mawu awo anafewa. Anati tikhoza kuwauza kuti khobidilo lagwidwa ndi matenda a mkuwa, likufunika kukhala m'chikontena kwa chaka. Maso awo sakuonanso bwino, sangadziwe. Kenako anati, "Koma mwalipeza ndinu, ndipo ndi mnzanu. Ine sindikusankhirani."

Ndinalimbana nazo masiku atatu. Bodzalo linali lachifundo, ndipo anthu awiri amene ndinkawalemekeza anali atandilola kulinena. Chimene chinandikaniza ndi ichi: zaka zitatu bamboyu ankandifunsa chimene ndikuona, ndipo ankandikhulupirira ndikayankha. Tsopano maso awo akutha, ndiye ine ndigwiritse ntchito khungu lawolo kuwabisira zimene ndaona? Ndinaganiza kuti ndikatero ndiye kuti ndawasandutsa mwana. Loweruka ndinapempha chilolezo kwa Mayi Ashmore, ndinaika kabokosi kofiira m'thumba, n'kukwera sitima.

Nyumba yawo ku Whitmore Reans inali imodzi mwa nyumba zogundizana zija za njerwa zofiira, chitseko chotsegukira mumsewu. Anandilandira mosangalala, akupuma movutikira, n'kuika ketulo pamoto. Pa shelefu panali chithunzi cha a Doreen atavala chipewa cha kutchalitchi. Sindinadikire tiyi chifukwa ndinadziwa kuti ndikamwa ndifooka. Ndinati ndabwera ndi nkhani yoipa ya khobidi la Africa, ndipo ndinafotokoza zonse monga mmene zinachitikira, za thonje, za timaenje, za mizere ya tupa. Iwo anangotambasula dzanja. Ndinawapatsa. Sanaliyang'ane n'komwe, anangoyendetsa chikhadabo cha chala chachikulu m'mphepete pang'onopang'ono, mpaka chinafika pamalo ndinapukuta paja n'kuima. Chinabwerera, chinaimanso. Ketulo inalira mpaka ndinakaizimitsa ndine.

"Akutuma ndi Mayi Ashmore?" anafunsa.

Ndinati ayi, ndabwera ndekha.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri lili m'manja mwanga. Ine, wa zikombole." Kenako anati, "Pita kwanu, Wyson. Khobidili lisiye."

Ndinatuluka osamwa tiyi. M'sitima ndinadzifunsa ngati chimene ndachita chinali chilungamo kapena kudzikuza chabe kwa munthu wofuna kuoneka wodziwa ntchito. Lachinayi a Tranter sanabwere. Lachinayi lotsatira sanabwerenso. Mkulu wa miyuziyamu anandiitana n'kundifunsa kuti ndani anandilamula kupita kwa munthu wopereka mphatso, ndipo anati ngati bamboyo atenge makobidi ake onse, chionetsero chatha, ndiye ndidziwe ndekha chimene chidzatsatire. Mayi Ashmore anali pomwepo, ndipo anati chilolezo anapereka ndi iwo, ngati pali mlandu ndi wawo. Kunyumba amayi anu sananene kuti ndinakuuzani, koma ndinkawaona akuwerenga masamba a ntchito mu nyuzipepala.

Lachinayi la sabata yachinayi ndinamva kukhosomola pa masitepe. A Tranter anatsika pang'onopang'ono atanyamula chikwama cholemera, Mayi Ashmore akuwagwira mkono. Anakhala pampando wawo, anapuma, n'kutulutsa timabokosi tiwiri tamatabwa, thumba la mchenga wakuda, ndi kabokosi kofiira kaja. Anati sabata yoyamba anandikwiyira ine, yachiwiri anakwiyira wogulitsa uja, yachitatu anadzikwiyira okha, chifukwa anazindikira kuti khobidili sanaliyesepo ngati mmene ankayesera ena onse. Ankaopa kuliyesa poti linachokera kwa Doreen. "Doreen anandipatsa mphatso yeniyeni," anatero. "Wabodza anali wogulitsa. Zimenezo ndi zinthu ziwiri, ndipo ndinachedwa kuzilekanitsa." Kenako anandiuza kuti ndichotse utoto theka lonse la khobidi, theka linalo ndilisiye, kuti anthu adzaone mbali zonse. Ankafuna liikidwe m'galasi lakelake, ndi mawu akuluakulu onena kuti ndi labodza, pambali pake pakhale chikombole chosonyeza mmene linapangidwira. Nditachotsa utotowo anandiuza kuti ndiwafotokozere chimene ndikuona, ndipo ankagwedeza mutu. Anati wopangayo anali mmisiri ndithu, mchenga wake unali wosefa bwino, koma anathira mkuwa utazizira pang'ono, n'chifukwa chake chinkhanira chinatuluka chofota. Akanakhala pansi pawo ku fakitale akanamubweza kuti akayambirenso.

1997

Chionetsero chinatsegulidwa mochedwa, mu Febuluwale, ndipo pa zikwangwani panaikidwa khobidi la kanyumba kaudzu lija. Galasi la khobidi labodza ndi limene anthu ankaunjikana kwambiri. Loweruka lililonse a Tranter ankakhala pambali pake ndi timabokosi tawo, akupondereza mchenga ndi zala, kudinda khobidi, kutsegula chikombole kuti anthu aone chithunzi chatsala mumchenga. Anzawo akale a ku fakitale, amene sanapondepo mu miyuziyamu moyo wawo wonse, anabwera atavala mataye n'kumatsutsana za mchengawo ngati ali pantchito. Aliyense amene wafunsa ankamuuza osabisa kuti ananamizidwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo amene anazindikira ndi bambo uyu wa ku Malawi, n'kundiloza. Inu munabwera Loweruka lina ndi amayi anu, ndipo Mwayi unafunsa a Tranter ngati Aroma ankapita ku Malawi, iwo n'kukuyankha kuti ayi, koma a Malawi afika kwa Aroma. Mkulu wa miyuziyamu sanapepese, koma kontirakiti yanga inasandulika ntchito yokhazikika chaka chomwecho. Mayi Ashmore anapuma ntchito kumapeto kwa chaka. Tsiku lomaliza anandisiyira galasi lawo loonera zing'onozing'ono, n'kunena mawu ambiri kuposa masiku onse: anati njira imene anandiuza ija inali yolakwika, ndipo akuthokoza kuti sindinaitsate.

A Tranter anagonekedwa m'chipatala nyengo yozizira itayamba. Ndinapita kukawaona Lamulungu masana titaweruka ku tchalitchi. Anali atawonda, ali ndi paipi ya mpweya m'mphuno, ndipo anandizindikira ndi mawu chabe. Ndinali nditatenga khobidi limene munthu wina anabweretsa sabata imeneyo, lotha kwambiri moti ndinalephera kudziwa mwini mutu. Ndinaliika m'dzanja lawo. Analisisita ndi chala, kumaso, kumbuyo, m'mphepete, n'kunena kuti ili ndiye lenileni, lamenyedwa ndi nyundo. Anandifunsa ngati mutuwo uli ndi khosi lonenepa ndi chibwano chotuluka, ndinati inde. Anatchula dzina la Kaisara, n'kundiuza kuti ndikayang'ane kumbuyo ndi nyale yochokera chammbali, ndikapezako chiwombankhanga chitatambasula mapiko. Nesi anabwera kudzati nthawi yatha. Lolemba m'mawa ndinatsika m'chipinda chapansi, ndinayatsa nyale n'kuipendeketsa, ndipo chiwombankhanga chinalipo, phiko limodzi ndi mutu. Ndinaimba foni ku chipatala kuti awauze, koma nesi anati a Tranter anali atatisiya m'bandakucha.